Momwe mungawerengere nthawi ya ulendo wa pandege kuchoka ku London kupita ku New York

Tikiti ya ndege imasokoneza anthu ambiri. Yalembedwa kuti ndege inyamuka ku London 10 koloko m'mawa n'kukatera ku New York 1 koloko masana. Ndiye kuti ulendo wonsewo ndi wa maola atatu okha? Ayi ndithu. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Choyamba pezani mtunda. Fufuzani pa intaneti pogwiritsa ntchito mayina a mabwalo a ndege, chifukwa mizinda iwiriyi ili ndi mabwalo angapo. Kuchoka pa bwalo la Heathrow ku London kukafika pa bwalo la JFK ku New York ndi makilomita pafupifupi 5,550. Osayeza ndi rula pa mapu apapepala. Dziko ndi lobulungira, choncho njira yachidule imaoneka yokhota pa mapu otere. Mukapeza mpira wojambulidwa mapu a dziko, kokani ulusi pakati pa mizinda iwiriyi. Muona ulusiwo ukudutsa chakumpoto, pamwamba pa Ireland ndi kum'mawa kwa Canada.

Kenako gawani mtundawo ndi liwiro. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimathamanga makilomita pafupifupi 850 pa ola zikafika m'mwamba. Mupeza maola 6 ndi theka. Onjezeranipo mphindi 30 kapena 45 zoyenda pabwalo, kukwera ndi kutsika.

Apa tsopano musaiwale mphepo. M'mwamba momwe ndege zimauluka mumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kulowera kum'mawa. Ndege yopita ku New York imalimbana nayo, ndipo imatha maola pafupifupi 8. Pobwerera mphepo yomweyo imaikankha kuchokera kumbuyo, ulendo n'kutha pa maola 7 kapena kucheperapo. Mtunda ndi womwewo, koma kupita ndi kubwera sizifanana.

Sitepe yomaliza ndi imene ine ndimaiona yofunika kuposa zonse. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo komwe ndege ikunyamukira ndi komwe ikukatera. Nthawi ya ku New York imatsalira maola 5 poyerekeza ndi ya ku London. Choncho pa maola atatu aja onjezerani 5, mupeza 8. Pobwerera muzichotsera: mukanyamuka 7 koloko madzulo n'kutera 7 koloko m'mawa, pa maola 12 amenewo chotsanipo 5, atsala 7.

Samalani m'mwezi wa March komanso kumapeto kwa October. Maiko a United States ndi United Kingdom amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi kawiri pachaka, koma sachita zimenezi tsiku limodzi, kotero kwa masiku angapo kusiyanako kumakhala maola 4 okha.

Mukaona chizindikiro cha +1 pambali pa nthawi yotera, ndiye kuti mukafika tsiku lotsatira. Amene adzakuchingamireni muwauze tsiku limenelo ndi nambala ya ndege, kuti asakadikire pabwalo kutatsala tsiku lathunthu.