Kuphunzitsa he ndi she mu Sitandade 5 kalasi ikakhala yodzadza

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu mwangotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi (TTC), lesoni pulani ya chizungu musamaidzadze. Tengani kanthu kamodzi basi. Ine chaka chikayamba ndimayambira pa he ndi she, chifukwa mChichewa timangoti "akuphika" kaya ndi amayi kaya abambo, ndiye mwana akanena "my mother he is cooking" sikuti mutu wake suyenda ayi, akungotsata chilankhulo chake.

Pa success criteria, pomwe timalemba zomwe mwana akwanitse pakutha pa phunziro, lembani chinthu choti muchimve ndi makutu anu: mwana anene ziganizo zitatu za anthu akwawo osasokoneza he ndi she. Zoti "amvetse ma pronoun" zisiyeni, simungaziyeze.

Zipangizo ndi za TALULAR zomwezi, kutanthauza zinthu zopezeka pafupi nafe. Ng'ambani katoni, jambulani ndi makala mayi akusinja mbali ina, bambo akupalasa njinga mbali inayo. Koma chenjerani ndi maina, anthu mwajambulawo musawatche Chisomo kapena Mphatso kapena Chikondi, maina amenewa ndi a anyamata ndi atsikana omwe ndiye ana asokonekeratu. Maria ndi Yohane akwana.

Kenako ndondomeko ija ya National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga: ine ndichite, tichite limodzi, inu muchite. Kwezani katoni, nenani "she is pounding maize" kawiri katatu, tembenuzani, "he is riding a bicycle". Apa musachedwepo. Bwerezani nawo, kenako itanani mtsikana ndi mnyamata kutsogolo, wina asese wina alembe pa bolodi, kalasi inene zomwe akuchita.

Pamene ambiri timalakwa ndi pano. Ana opitirira 100 akayankha limodzi phokoso limakoma ndithu, umaganiza kuti amva, koma pitani kumbuyo mukawayang'ane pakamwa, ena akungoyendetsa milomo opanda mawu ndipo amenewo ndi amene adzavutike pa PSLCE, mayeso a Sitandade 8. Ndiye akhazikeni awiriawiri pansi pomwe akhalapo, wina aloze mnzake wapatali, winayo anene he kapena she ndi chimene akuchita, kenako asinthane. Nthawi yambiri ya piriyodi ipite apa. Inu choko chisiyeni, yendani pakati pawo mukumvetsera, yambirani mzere wakumbuyo.

Mwana akalakwitsa musamukalipire, ndipo anzake asamuseke. Ingobwerezani molondola, "she is cooking", anenenso yekha. Akati "liding" m'malo mwa "riding" msiyeni kaye, l ndi r ali ndi tsiku lake. Mawu amodzi aChichewa oti atsegule mutu sindiwaletsa ine, chibalo chopereka mwana akalankhula Chichewa chimangotseka ana pakamwa.

Mphindi zisanu zomaliza alembe mkope ziganizo zitatu za agogo, achimwene, achemwali. Simungachonge onse, tengani makope khumi, ena akutsogolo ena akumbuyo. Pa evaluation, pomwe timalemba mmene phunziro layendera, lembani zoona osati zokondweretsa a PEA, alangizi oyendera sukulu aja, ngati theka likadali pa "my sister he" lembani choncho, mawa mubwere ndi katoni yomweyo.