Musanaphatikize mpamba ndi mnzanu, tchulani manambala

Ndinachitapo bizinesi ndi mnzanga amene tinakulira limodzi. Mpamba wambiri unali wanga, iye ndiye ankakhala pantchitopo tsiku lonse. Za kagawidwe ka phindu tinangoti, "Tidzaona zikayamba kuyenda." Zitayamba kuyenda, ine ndinkayembekezera gawo lalikulu poti ndalama zinali zanga, iyenso ankaona kuti thukuta lake likuposa ndalamazo. Palibe anaba, palibe ananama. Tinangochita manyazi kutchula manambala, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti moni wathu ndi wa patali.

Choncho yambirani pomwe pali manyazipo. Khalani pansi ndi pepala, mulembe zomwe aliyense akubweretsa, kaya ndi ndalama, galimoto, malo kapena nthawi yake, ndipo chilichonse muchiikire mtengo. Kenako gwirizanani kuti pa phindu aliyense atenga maperesenti angati, monga 60 kwa 40, komanso kuti mukaluza mugawana bwanji. Anthu ambiri amalumpha zoluzazi ngati kuti kuzitchula n'kuitana tsoka. Funsaninso kuti, kodi amene akugwira ntchito tsiku ndi tsiku alandira malipiro phindu lisanagawidwe? Ife tinagwera pamenepa.

Mukapanda kulemba, malamulo amakusankhirani. Lamulo la ku Britain la 1890 lokhudza anthu ochitira limodzi bizinesi, lomwe mayiko ambiri anatengerako, limati ngati palibe pangano lina phindu ligawidwe mofanana, ndipo palibe woyenera malipiro chifukwa chogwira ntchito m'bizinesimo. Limatinso ngongole imene mnzanu watenga m'dzina la bizinesi ikukhudzani inunso. N'chifukwa chake ine ndimakonda akaunti ya kubanki yofuna masiginecha awiri, komanso malire a ndalama zomwe munthu angagwiritse ntchito asanafunse mnzake.

Pa kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, mawu oti "posachedwa", "ndiyesetsa" ndi "osadandaula" ndinasiya kuwalandira. Mnzanu akati katundu afika posachedwa, funsani kuti, "Lachingati, nthawi yanji, makatoni angati?" Mukatha kukambirana pafoni, tumizani uthenga pa WhatsApp wobwereza zomwe mwamvana: "Achimwene, tagwirizana kuti inu mulipira wotigulitsa katundu uja pofika Lachinayi masana, ine ndikatenga katunduyo Lachisanu m'mawa. Ndamva bwino?" Akayankha kuti eya, nonse muli ndi chogwira. Poyamba ena amaona ngati simukuwakhulupirira, ndiye afotokozereni kuti mukuteteza mutu wanu womwe umaiwala. Nkhani zikuluzikulu musatume munthu, kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mukaona kuti simukwanitsa zomwe munalonjeza, nenani tsiku lisanafike, ndipo mutchule tsiku latsopano.

Kamodzi pamwezi tsegulani buku la ndalama ndi malisiti muli awiri, ngakhale zinthu zikuyenda bwino. Ndi pomwe mumanena zakukhosi zikadali zazing'ono.

Papepala lija musaiwale khomo lotulukira. Wina akafuna kusiya, apereke chidziwitso cha miyezi ingati? Gawo lake liwerengedwa motani, ndipo ayamba kugulitsa kwa ndani? Nanga akadwala nthawi yaitali kapena kumwalira, abale ake alowa m'bizinesi kapena angolandira ndalama? Mukamvana zonsezi, sainani pamaso pa mboni, aliyense asunge kope lake, ndipo ngati mpamba uli waukulu, loya aliwerenge musanasaine.