Sukulu ikatsekedwa kapena kuchedwa chifukwa cha sinowo ku America

Makolo amene mwangofika kumene m'mizinda ngati South Bend ndi Indianapolis, dziwani kuti chigamulo chotseka sukulu chimachokera ku ofesi ya distirikiti (ofesi yoyang'anira sukulu za boma za m'dera lanu), ndipo kawirikawiri chimalengezedwa cha m'ma 5 kapena 6 koloko m'mawa. Musangoona dzina la mzinda pa TV, onetsetsani dzina la distirikiti ya mwana wanu, chifukwa sukulu za mipingo ndi zoyendetsedwa paokha zimagamula pazokha.

Mukalandira uthenga wa "2-hour delay" (sukulu kuyamba mochedwa ndi maola awiri), basi ya 7:10 ibwera 9:10 pamalo omwewo, koma nthawi yoweruka sisintha. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: m'sukulu zambiri chakudya cha m'mawa sichiperekedwa tsikulo ndipo makalasi a mmera mpoyamba a m'mawa amathetsedwa. Mwana adye kunyumba. Yang'ananinso foni cha m'ma 8, pakuti kuchedwa kumatha kusanduka kutsekeratu.

Nthawi zina kunja kulibe sinowo koma sukulu n'kutsekedwa ndithu. Vuto limakhala madzi oundana osaoneka pamsewu, dizilo wa mabasi wolimba ndi kuzizira, kapena mphepo. Kuzizira kwa mphepo kukafika -28°C, khungu losaphimbidwa limatha kuwonongeka pa mphindi 30, ndiye chonde mwana asapite kodikira basi opanda chipewa chophimba makutu ndi magolovesi.

Mukasintha nambala ya foni, kadziwitseni a ku ofesi ya sukulu tsiku lomwelo. Chromebook (laputopu ya mwana ya kusukulu) itchajidwe usiku, poti masiku ena sukulu ikatsekedwa ana amaphunzira pa intaneti ndipo amaitana mayina.