Njira yofikira pa upulofesa wa malamulo ndi tekinoloje

Mwafunsa kuti munthu amayambira pati kuti adzakhale pulofesa wa malamulo okhudza tekinoloje.

Yambani ndi digiri ya malamulo, LLB. Kenako LLM, digiri yachiwiri ya malamulo, ndipo apa sankhani nkhani imodzi, monga kuteteza zinsinsi za anthu pa intaneti. Lamulo la GDPR la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, muliwerenge ndime ndi ndime. Phunziraninso momwe pulogalamu ya kompyuta imasungira dzina ndi nambala ya foni ya munthu. Ambiri amalumpha gawo limeneli, ndipo zolemba zawo zimaperewera mchere.

Mukamaliza LLM, chitani PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku. PhD ikatha, funsirani ulekichala. Phunzitsani, yang'anirani kafukufuku wa ophunzira, sindikizani m'magazini ounikidwa ndi akatswiri anzanu. Komiti yokweza maudindo imayang'ana kwambiri zosindikizazo musanakhale associate professor, kenako pulofesa.