Miyala yanga inasiya kutchedwa ya Henry

Kwa zaka ziwiri ndinkasema nkhope zosalala, zamphuno yowongoka, ngati za Henry Munyaradzi, wosema miyala wotchuka wa kuno ku Zimbabwe. Ogula kuno ku Harare ankangoti, "Mwaonera kwa Henry apa." Zinkandiwawa, komatu sankanama.

Amalume, omwe anasemako ku Tengenenge, mudzi wa osema miyala womwe Tom Blomefield anatsegula mu 1966, anandilanda zithunzi zonse zimene ndinkaonera. Anati, "Mphwanga, kwa Henry tengako kasalazidwe kokha. Nkhope ukazipeze pabwalo la gule."

Ndinapita ku Mbare kukaonera Gule Wamkulu, n'kujambula ndi pensulo nkhope ya Chadzunda, chipumi chamakwinya, mano ogweluka. Posema pamwala wolimba wotchedwa springstone, makwinyawo ndinawasiya okhakhala, zipsera za tchizulo zikuonekera. Phula ndinapaka pamasaya pokha, nditawotcha mwalawo. Unagulidwa Loweruka lomwelo, ndipo wogulayo sanatchule Henry.