Kukwera Phiri la Mulanje ndi Mnzanu Tsiku Limodzi m'Nyengo Yozizira

Miyezi ya Juni ndi Julaye ndi yabwino kukwera phiri la Mulanje chifukwa mvula imakhala itatha, mitsinje itaphwera, ndiponso utsi wa moto wa tchire umene umaphimba mapiri mu Seputembala ndi Okutobala umakhala usanachuluke, kotero kunja kukayera munthu amaona kutali kwambiri. Komabe m'nyengo yomweyi ndi mmene usana umafupikira. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko m'mawa ndipo limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, choncho anthu awiri amene akufuna kukwera ndi kutsika tsiku lomwelo ali ndi maola pafupifupi 11 okha a kuwala, ndipo m'zigwa za mitengo yowirira mdima umagwa msanga kuposa pamenepo. Dongosolo lonse la ulendo liyenera kutsatira maola amenewa, osati dzina la nsonga imene mukufuna kukajambulitsirapo chithunzi.

Njira imene imakwanira bwino tsiku limodzi ndi yoyambira ku Likhubula, m'munsi mwa phirili, kukwera ndi njira ya Skyline mpaka m'chigwa cha pamwamba cha Chambe, kenaka kutsika ndi njira ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje wa Likhubula. Skyline ndi yaifupi koma yoimirira, ndipo dzinali linachokera ku chingwe cha waya chimene kale ankatsitsira matabwa a paini kuchokera ku Chambe. Pa njirayi mumakwera mamita pafupifupi 1,000, ntchito imene anthu amphamvu zawo amaimaliza pa maola atatu kapena anayi. Kutsika ndi Chapaluka kumatenganso maola atatu kapena kupitirira. Mukaphatikiza nthawi yopuma ndi yodya, mumatsala ndi maola awiri kapena atatu oyenda pamwamba, ndipo amenewa ndi okwanira kukwera chitunda chimodzi kapena ziwiri mwa zitunda za miyala zimene zazungulira chigwacho, kumene mumaona bwino minda ya m'munsi ndiponso nsonga zazitali za pakati pa phiri.

Nsonga ya Chambe yeniyeniyo, imene ndi yopitirira mamita 2,500, imaoneka ngati ili pafupi mukafika m'chigwamo, ndipo ndi pamene anthu ambiri amasokonezera dongosolo lawo. Kupita ndi kubwerera kuchokera pa kanyumba ka alendo ka Chambe kumadya maola osachepera asanu, ndipo m'malo ena munthu amakwera chokwawa, manja ali pathanthwe, phompho lili pambali. Mukawonjezera maola asanuwo pa asanu ndi awiri a kukwera ndi kutsika, mwadutsa kale kuwala kwa tsikulo musanapume ngakhale kamodzi. Amene akuifunitsitsa nsongayi agone pa kanyumbako, aikwere m'mawa mwake. Za Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya mamita 3,002, musaziike n'komwe pa ulendo wa tsiku limodzi, pakuti ambiri amaikwera atagona pa kanyumba ka Chisepo. Mu Julaye 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womutsogolera m'njira napitirira yekha kulowera ku Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha milungu yoposa iwiri. Mwina mwaonapo othamanga a mpikisano wa Porters' Race akukwera ndi kutsika phirili pa maola ochepa, koma ambiri a iwo ndi anthu amene akhala akusenza katundu m'njira zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo liwiro lawo si loyesera ulendo wanu.

Kutatsala masiku awiri kapena atatu, yambani kutsatira zimene nthambi yoona za nyengo ikulengeza pa wailesi kapena pa Facebook, ndipo mawu amene muyenera kutchera khutu ndi akuti chiperoni. Iyi ndi mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya mchere ya India, imene imadutsa ku Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone, ndipo ikagunda Mulanje imabweretsa chifunga, mvula yowaza ndi kuzizira kumene kungakhale masiku angapo. Chiperoni chikalengezedwa, sinthani tsiku. Ngakhale tsiku loyera, kumbukirani kuti pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mphepo ya pa zitunda imachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mmene mungaganizire muli kumunsi pa msika wa Chitakale mutavala shati yokha. Usiku wa miyezi imeneyi mame amatha kuundana pa udzu wa pamwamba.

Gonani ku Likhubula kapena ku Mulanje boma usiku wa dzulo lake. Kunyamuka ku Blantyre m'mawa wa tsiku lokwera, n'kumadikira minibasi kuti idzaze, n'kusinthanso galimoto pa Chitakale kulowera msewu wa ku Phalombe, kumakufikitsani pa chipata dzuwa litakwera kale. Madzulo a dzulo lakelo pitani ku ofesi ya za nkhalango ya ku Likhubula, mukalembetse mayina, mufunse za ndalama yolowera, ndipo mupangane ndi wotsogolera alendo wovomerezeka, amene kumeneko amangomutcha gaidi. Ena amaona ngati anthu awiri athanzi safunika gaidi, koma namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'mbali zambiri za phirili, ndipo munthu amene anayendamo sabata yatha ndi amene amadziwa pamene njira inasintha. Mugwirizane naye malipiro, njira ndi ola lonyamukira musanagone, ndipo pokonza chakudya mumuwerengere nayenso.

Pa zovala, chinthu chachikulu ndi kusanjikiza zopepuka zingapo m'malo mwa chijekete chimodzi cholemera. Mkati valani malaya a nsalu yosasunga thukuta, monga jezi ya mpira, chifukwa malaya a thonje akanyowa sauma msanga ndipo amazizira pamsana mukangoima. Pamwamba pake pakhale juzi, kenaka jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Jinzi isiyeni kunyumba. M'chikwama chobereka muikemo chipewa chofunda chophimba makutu, magolovesi, sokosi zina ndi malaya ena ouma, zonsezi mutazimanga mujumbo kuti zisanyowe. Zinthu zimenezi zimapezeka pa kaunjika pa mtengo wabwino, ndipo palibe chifukwa chogulira zodula. Nsapato zikhale zamapazi anu, zoti mwayenda nazo kale, zokhala ndi mano pansi. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike theka la Skyline. Aliyense akhale ndi tochi yakeyake ndi mabatire apadera, osadalira tochi ya pafoni, popeza kuzizira kumatha batire la foni msanga ndipo foniyo mudzaifuna pa zina. Onjezani wezulo, bandeji, pulasitala ndi mankhwala ochepetsa ululu.

Chakudya chikhale chosafuna moto: mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza wokazinga, nthochi, buledi, ndi tiyi wa shuga wambiri mufulasiki. Aliyense anyamule madzi malita awiri, ndipo muzimwa ngakhale ludzu lisanakugwireni, chifukwa kukazizira munthu samva ludzu pamene thukuta likutuluka ndithu. Mowa usakwere nanu. Musakolezenso moto m'njira, pakuti udzu umakhala utayamba kuuma, ndipo moto wolusa pamodzi ndi kudula mitengo mozemba ndi zimene zatsala pang'ono kutheratu mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse.

Tsopano nkhani ya mnzanuyo, imene ndi yofunika kuposa zonse za m'chikwama. Musanayambe kukwera, muli pansi ndipo mitu ili yozizira, mugwirizane zinthu zitatu pamaso pa gaidi. Choyamba ndi ola lobwerera: ikakwana 1 koloko masana mukuyamba kutsika, kaya mwafika pa chitunda chimene mumafuna kaya chatsala pang'ono. Ola limeneli limakusiyirani nthawi yapadera ngati wina atabinya mwendo potsika. Chachiwiri n'chakuti liwiro la ulendo ndi la amene akuyenda pang'onopang'ono, ndipo iyeyo ayende patsogolo, kumbuyo kwa gaidi. Wamphamvu akatsogola, amakafika pamwala n'kupuma, ndipo mnzake akangomupeza iye amadzuka n'kupitiriza, mapeto ake wofookayo sapuma tsiku lonse. Chachitatu n'chakuti mmodzi akanena kuti tibwerere, nonse mukubwerera popanda kukambirana kapena kunyozana. Mawu akuti "tsogolani, ndikupezani" kapena "ndidikireni pompano, ndingofika pamwambapo" asamveke pa ulendowu. Muuzenso wachibale wina wotsala kunyumba njira imene mudzere ndi ola limene ayenera kuyamba kuimbira anthu a ku Likhubula ngati simunamveke.

Nyamukani kukangoyera. Mphindi zoyambirira mudzamva kuzizira, koma vulani juzi thukuta lisanayambe, ndipo muivalenso nthawi iliyonse imene mwaima kopitirira mphindi zisanu. Pa chikweza yendani ndi mapazi afupiafupi, pa liwiro loti mungathe kucheza osabanika, ndipo muzipuma pang'ono ola lililonse n'kudya kanthu. Mukafika pa kanyumba ka Chambe, mupatseni moni mlonda, mumufunse mmene mitambo yakhalira m'mawawo, ndipo muyang'ane wotchi musanasankhe chitunda chokwera. Poyenda pa matanthwe, pewani malo akuda onyezimira, chifukwa pamenepo pamayenderera madzi ndipo pali ndere zoterera. Nthawi ndi nthawi muzicheuka kuti muone mmene njira ikuonekera kwa munthu wobwerera.

Chifunga cha pa Mulanje chimakwera kuchokera m'zigwa mofulumira, mwakuti chitunda chimene mumachiona bwinobwino chimatha kusowa musanamalize kumwa tiyi. Mukaona mitambo ikukwawa kuchokera kum'mwera chakum'mawa, tsikani pa chitunda nthawi yomweyo osadikira 1 koloko. Chikakupezani, yandikanani moti aliyense aziona chikwama cha mnzake, ndipo musachoke pa mulu wa miyala kapena chizindikiro cha penti chimene mwaimapo musanaone chotsatira. Mukasokera, imani pamalo otchingika mphepo, valani zonse zimene muli nazo, khalani pa zikwama osati pa thanthwe lozizira, ndipo muziimba wezulo. Musayese kutsata mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi, chifukwa mitsinje ya phirili imatsika ndi mathithi pa maphompho.

Ntchito yaikulu ya mnzanu ndi kuona mwa inu zimene inuyo simungazione, ndipo inunso chimodzimodzi. Munthu amene thupi lake layamba kuzizira moopsa sadziwa kuti zinthu zaipa. Mukamufunsa kuti, "Achimwene, muli bwino?" adzayankha kuti ali bwino, monga mmene tonse timayankhira. Choncho musadalire yankho lake. Muuzeni atseke zipi ya jekete kapena amange chingwe cha nsapato, inu mukuyang'ana zala zake. Ngati zala zikulephera kugwira kachitsulo ka zipi, ngati akupunthwa pa malo osalala, ngati munthu wokonda nthabwala wangoti zii kapena mawu ake akutuluka ngati waledzera, imani pomwepo. Mutchingeni ku mphepo, mumuvule malaya onyowa n'kumuveka ouma, mumuphimbe mutu, ndipo ngati akutha kumeza bwino mumupatse tiyi wotentha ndi chakudya chotsekemera. Musamutikite manja ndi miyendo, ndipo musamupatse mowa. Kunjenjemera kukasiya pamene munthuyo akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poopsa, ndipo afunika kunyamulidwa mosamala ndi kupita naye kuchipatala. Apa ndi pamene ubwino woyenda atatu umaonekera: gaidi, amene amadziwa njira ndi malo amene netiweki imagwira, amathamangira thandizo ku kanyumba kapena kumunsi, ndipo inu mumatsala ndi wodwalayo.

Kutsika ndi kumene anthu ambiri amavulalira, chifukwa miyendo imakhala yatopa ndipo maganizo afika kale kunyumba. Mangitsani nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, pindani mawondo pang'ono, ndipo pa malo otsetsereka kwambiri tsikani chammbali kapena chokhala pansi, popanda manyazi. Ndodo imathandiza mawondo. Njira ya Chapaluka imawoloka madzi m'malo angapo, ndipo powoloka mudutse mmodzimmodzi, wina ataima poti angathe kugwira mnzake dzanja. Chakumunsi mudzafika pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pa thanthwe kulowa m'dziwe lakuya, malo amene anthu a m'derali amawalemekeza chifukwa cha nkhani za mizimu ya makolo. Ngati mwafikapo isanakwane 4 koloko, khalani pansi mumalize mtedza ndi tiyi wotsala. Kusambira m'nyengo ino n'kosayenera kwa munthu wotopa, chifukwa madziwo ndi ozizira kwambiri ndipo dziwelo lamizapo anthu. Kuviika mapazi m'mphepete n'kokwanira.

Kuchokera pa dziwelo kukafika ku Likhubula ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Mukafika, dziwitsani a ku ofesi kuti mwatsika nonse, mulipireni gaidi monga munapangana, ndipo muimbireni wachibale uja asanayambe kuda nkhawa. Valani malaya ouma ndi juzi musanakwere njinga yamoto ya kabaza yopita pa Chitakale, chifukwa mphepo ya madzulo pa thupi la thukuta imazizira kuposa ya pa chitunda, ndipo ngati mdima wagwa kale n'kwabwino kugonanso ku Likhubula, ulendo wa kunyumba muuyambe m'mawa.