Mwana wa chikanga, muziyang'anira chifuwa chake

Mwana wanga wachiwiri anatuluka chikanga m'masaya ali ndi miyezi 4. Atakwanitsa zaka 5, chifuwa chinayamba kulira ngati kamluzu usiku, ndipo kuchipatala anati ndi mphumu. Inenso ndinadutsa momwemo: chikanga ndili khanda, mphumu ku pulayimale, kenako kuyetsemula kosatha. Mavuto atatuwa amakonda kutsatana ndipo amayenda m'magazi, chifukwa chitetezo cha thupi chimalimbana ndi zinthu zosavulaza monga fumbi ndi mungu.

Yambani ndi kope. Lembani tsiku limene mwana wabanika ndi chimene chinali pafupi naye. Ife tinapeza kuti ndi utsi wa mbaula m'miyezi ya June ndi July, komanso mabulangete ongotuluka m'sutikesi. Tsopano ndimawachapa n'kuwayanika padzuwa asanafunde, ndimawaza madzi pansi ndisanasese, ndipo mbaula silowa m'nyumba. Mphemvu nazo musazilekerere.

Inhela ndi kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa. Ya salbutamol, ya buluu ija, ndi yotsegula chifuwa mwana akabanika. Ya beclometasone ndi yoteteza kuti asabanike, ndipo ndi ya tsiku lililonse, ngakhale mwana akusewera bwinobwino. Apa m'pamene makolo ambiri timagwa ulesi. Ngati ndi wamng'ono, pemphani anamwino akuonetseni kupopera kudzera m'botolo la pulasitiki la 500 ml. Akamalephera kumaliza mawu, kapena pakati pa nthiti pakamalowa mkati, thamangirani kuchipatala, kaya ndi usiku.

Akakula n'kusiya kubanika, musataye buku lake lakuchipatala. Mphumu yanga inazilala ndili Fomu 2, n'kudzabweranso ndili ndi zaka 31, ndili woyembekezera.